Dzina Limene Amai Sanalitchulepo

Mwana wanga woyamba anabadwa wofatsa. Kuchipatala anamwino anali kulandilana pomunyamula, amvekele mwana wotele ndiye wobweleka. Titafika naye kwathu ku Petauke, m'kanyumba ka lendi kuseli kwa msika, anafatsabe masabata angapo, kenaka anayamba kulila. Sanali kulila tsiku lonse. Dzuwa likangopendeka, mthunzi wa mango n'kufika pakhonde, amakwinya nkhope, kukunga timiyendo, basi nyimbo yayamba. Kumuyamwitsa, ayi. Kumubeleka, ayi. Kuyenda naye mpaka kumpopi ndi kubwelako, ayi ndithu. Amaleka yekha akatopa, ine nditatopa kale kumuposa.

Ndinenepo kale kuti ndine munthu wamantha. Mwana akagona ndimaika chala pamphuno pake kuti ndimve ngati akupuma. Akayetsemula ndimayamba kufunafuna nsapato. Ku sikelo anali atandizolowela. Nesi wa kumeneko, mai wachikulile wovala magalasi pansonga ya mphuno, anamupima mwanayo, kumutembenuza uku ndi uku ngati chitumbuwa m'mafuta, n'kundiuza kuti ndi mpweya chabe wa m'mimba, udzatha wokha akakulako. Sabata lisanathe ndinali nditabwelelanso. Anandiyang'anila pamwamba pa magalasi aja, nafunsa ngati wodwala ndi mwana kapena ndine.

Amai anabwela kuchokela ku Ndake ndi kathumba ka nsawa ndi nkhuku yomanga miyendo. Anamvetsela kulilako madzulo angapo. Tsiku lina tili pakhonde, mwana ali pakati pa nyimbo yake, anamutenga, kumuyang'anitsitsa kumaso, n'kumubweza kwa ine.

"Mwanayu sakudwala. Akukana dzina."

Dzinalo ndinasankha ndine, ndili ndi pakati, ndipo ndinalipeza pafoni. Linali la Chingelezi, lokoma m'kamwa mwanga, koma amai akalitchula limamveka ngati mankhwala opopela thonje. Anandifotokozela kuti mwana wolila motele amakhala akufuna dzina la wina amene anatsogola, ndipo iwo anali atamuona kale munthuyo. Kakwinyidwe ka pachipumi, ndi mlomo wam'munsi wotuluka uja, zinali za ambuye awo, amai a amai awo, amene anawalela ku Kaumbwe ali kamtsikana.

Ndinayankha monga amayankhila munthu wa m'kwaya amene anapitako ku koleji. Ndinati zimenezo n'zakale. Koma ndisaname, mumtima ndinali nditavomela amai asanamalize kulankhula. Masiku amenewo wina akanandiuza kuti mwana atonthola ndikamutcha Mtondo, ndikanamutcha. Ubatizo unali utakonzedwa pa Pasaka, ndipo amai anati dzina likalowa m'madzi aja silitulukanso. Tinayenela kulipeza tsikulo lisanafike.

Ndinafunsa kuti ambuye aakuluwo dzina lawo anali ndani. Amai anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Kenaka anayamba kuseka, kuseka kwa munthu amene wapeza kuti wakhala akusaka mpeni uli m'manja mwake, koma iwo m'manja munalibe kanthu. Sanali kulidziwa. Anagona nawo pamphasa imodzi zaka zambili, anawakanda kumsana, anawatafunila nzimbe mano atatha, koma dzina sanalimvepo. Kwa iwo anali ambuye. Kwa anthu a m'mudzi anali anyina uje, kutanthauza amake a mwana wawo woyamba. Mwamuna wawo amangoti imwe. Ndani akanalimba mtima kutchula munthu wamkulu dzina lake lobadwa nalo, ngati akuitana galu? Ulemu unalibisa bwinobwino dzinalo mpaka linasowa.

Apa m'pamene setifiketi yanga inadzuka. Ku koleji ndinaphunzila kasungidwe ka makalata ndi mafayilo a mu ofesi. Ntchito sindinaipeze, koma chikhulupililo choti chilichonse chinalembedwa penapake ndinachisunga. Komanso poyamwitsa ndinali nditazolowela kuonela pafoni anthu a ku Mangalande amene amafufuza makolo awo. Iwo amayamba ndi mabuku a ubatizo a kupalishi, kupita ku mapepala a kalembela wa boma, kumalizila ndi wilo, kalata ija munthu amasiya yonena wotenga katundu wake akafa. Mai wina wa imvi analila misozi atapeza kuti kholo lake linasiyila mlongo wake ketulo ndi nkhosa. Ndinati nanenso nditelo.

Amuna anga, amene amagulitsa mbeu ndi feteleza m'sitolo ya munthu wina, anamvetsela dongosolo langa lonse akudya. Anati azungu amasunga mapepala chifukwa kwawo kulibe chiswe. Koma sananditsekeleze. Nawonso makutu anali atawawawa.

Ndinayamba ndi wilo, poti amai anali pomwepo. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati ambuye anasiya khasu, mphasa ndi mtondo. Khasu linatha ndi kulima, mphasa anapita nayo kumanda, mtondo ulipo koma unang'aluka, ngati ndikufuna ndikaufunse. Za kalembela anazikumbukila bwino. Anthu a boma atafika ndi mabuku awo, ambuye anathawila kudimba poganiza kuti ndi a msonkho. Amene anayankha mafunso anali mkamwini wawo, munthu woti ngakhale mutamukwapula sakanatchula dzina la apongozi ake. Atafunsidwa kuti m'nyumba iyo mumagona ndani, anawelama n'kunena kuti mumagona amai.

Kunatsala ku mishoni kumene ambuye anabatizidwa ali mai wa ana kale. Tinapita atatu, ine, amai ndi mwini nkhani ali kumsana. Ndinavala nsapato zanga za ku ofesi zimene zinali zisanaonepo ofesi. Ndinanyamulanso matewela ochuluka ngati tikupita kukagonela, madzi owilitsa, ndi kabulangete ngakhale kunali kutentha. Akatekisiti amene amasunga mabuku, bambo wofatsa wolankhula ngati akuopa kudzutsa munthu, anatilowetsa m'kachipinda konunkha mileme. Anandifunsa dzina loti ayambile kufufuza, ine ndi mtima wonse n'kutchula dzina la atate anga, monga amachitila a ku Mangalande aja. Amai anandigwila pamkono. Anati atate ako anachokela ku boma lina, anabwela kuno kudzakwatila, m'mabuku a ambuye akufunamo chiyani? Ife timatsata kuchikazi. Zimenezi ndinali kuzidziwa kuyambila ndili mwana, koma foni inali itandiiwalitsa.

Mwayi wake amai anali kudziwa dzina la mwamuna wa ambuye, poti maina a amuna amamveka, amatchulila minda ndi zitsime. Ndi limenelo tinayenda nalo tsamba ndi tsamba. Inki inali itafiila ngati tiyi, zolemba zopendekela mbali imodzi ngati chimanga chogwa ndi mphepo, ndipo chiswe chinali chitawelengako masamba ena ife tisanafike. Dzuwa lili pamutu tinawapeza. Ndinakondwa ngati ndapambana mayeso. Koma nditayang'ana bwino ndinaona kuti amai onse amene anabatizidwa tsiku limenelo, kuyambila pamwamba pa tsamba mpaka pansi, anapatsidwa dzina limodzi, la woyela wa tsikulo. Pambali panali malo olembapo dzina la kumudzi. Pa mzele wa ambuye wansembe wakaleyo analemba zimene anamva: anyina uje. Nayenso sanamuuze.

Amai sawelenga kwenikweni, koma anapempha kuti ndiwaonetse mzelewo. Anaikapo chala. Ine ndinati mwina tingotenga la ubatizo lomweli, poti ndi lawo ndithu, lalembedwa. Anapukusa mutu. Anati ambuye dzina limeneli amalivala Lamulungu pokha ngati duku, ndipo nthawi zina wansembe akaliitana iwo amatembenuka kuyang'ana kumbuyo kuti akuitana ndani.

"Ukaitana ili adzuka onse a patsamba pano. Kamwana kamodzi kawakwanitsa?"

Akatekisiti anaseka mobisa pakamwa ndi dzanja, natipelekeza mpaka pakhomo.

Tikudikila minibasi pansi pa mtengo, ine nditakhumudwa, nsapato zikundiluma, amai anayamba kulankhula okha. Anati dzinalo linatchulidwapo kamodzi iwo alipo. Panali pamalilo a ambuye. Kwathu mtundu uliwonse uli ndi mtundu unzake wochita nawo chimbuya: iwo amaika malilo athu, ife timaika awo, ndipo timatukwanana mmene tingafunile popanda mlandu. Tsiku limenelo akazi a chimbuya anavala nsalu za malemu, wina n'kutenga ndodo yawo, kuyenda mowelama kuwatsanzila, uku akuwaitana ndi dzina lenileni kuti anthu aseke pakati pa misozi. Amai anati anatseka makutu. Ndinafunsa kuti bwanji, iwo n'kundiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chake munthu amatseka maso akamasamba ndi sopo.

Amene ananyamula ndodo uja anali akali moyo. Amagulitsa nthochi pa siteshoni ya mabasi ku Nyimba. Amai sanafune kupitako. Anati mkazi ameneyo pakamwa pake n'poola, ndipo iwo tsopano ndi munthu wa udindo kumpingo. Koma madzulo amenewo mwana analila mpaka mawu kusasa, ndipo m'mawa mwake ndinapeza amai atavala kale chitenje chaulendo.

Amene anadutsapo pa Nyimba akudziwa mmene pamakhalila: nthochi milu milu, utsi wa nyama yowotcha, mabasi akuluakulu akufika ndi kuchoka, azimai ogulitsa akuthamangila mawindo mabeseni ali m'mwamba. Tinafika masana. Mai wa nthochiyo anali wamfupi, wonenepa, wa imvi zotulukila pansi pa duku, atakhala pa kachitini ngati pampando wachifumu. Anawazindikila amai tikali patali.

"Wafa ndani? Inu simubwela kwa ine popanda mtembo."

Amai anati sikunafe munthu.

"Manje mwadzatani, akapolo anga? Kapena mwabwela kudzandiuza tsiku lako, ndiyambe kunola khasu?"

Ndinayembekeza kuti amai awelama. M'malo mwake anaika manja m'chiuno n'kuyankha kuti sangafe msanga, akudziwa kuti mtundu wa mayiyo umakhalila nkhuku za pamalilo, ndiye aufuna uyambe wawonda. Zimene zinatsatila sindingazilembe zonse. Ndinaima pamenepo ndikumva amai anga, amene amatsogolela mapemphelo a amai Lachinayi, akutulutsa mawu amene sindinadziwe kuti amawasunga. Anzake a mayiyo anasiya malonda n'kumaombela m'manja. Onse awili anali kuseka misozi ili mbwembwembwe, atagwilana manja.

Kenaka anandiona ine. Anafunsa ngati ndine uja wa setifiketi, nandiuza nditembenuke aone chimene ndabeleka. Anavundukula kabulangete, kuyang'ana, n'kubwelela m'mbuyo.

"Aa. Nkhalamba ija yabwelanso. Mlomo womwewo. Inandimana mchele iyi, ine ndili mtsikana."

Amai anandiyang'ana ndi diso lakuti wamva. Anafotokoza chimene tadzela. Mayiyo anamvetsela akusenda nthochi, kuidya yekha osatipatsa. Anati dzinalo ali nalo, koma sangalipeleke ulele kwa anthu amene analitaya okha chifukwa cha ulemu wopusa. Nthawi yomweyo basi yaikulu inakhota kulowa pa siteshoni. Ndisanadziwe chimene chikuchitika, anali atamasula mwana kumsana kwanga, kumuika pamiyendo pake, n'kundisenzetsa beseni.

"Thamanga, wa setifiketi. Tione ngati anakuphunzitsani kanthu."

Chibadwile mwanayo anali asanagwilidwepo ndi munthu wosasamba m'manja ine ndikuona. Tsopano anali pamiyendo pa mlendo, pakati pa utsi ndi ntchentche, ine ndikuthamanga pa fumbi ndi nsapato za ku ofesi. Anzanga a mabeseni anandipitilila ngati ndaima. Pofika pawindo sindinadziwe kuti ndifuule chiyani, ndinangoti pepani bambo, kodi mungafune nthochi? Mwamuna wa pawindopo anandiyang'ana ngati ndikumupempha voti. Khosi langa linali lotembenukila kumbuyo kwa mwana nthawi yonse. Basi inachoka beseni likali lolemela, ndipo akazi onse a pamzele uja anali atagwila m'mimba ndi kuseka.

Pobwelela ndinamva mwana wayamba. Nthawi yake inali itakwana, iye sasamala kuti ali kuti. Ndinataya ulemu n'kuthamanga. Mayiyo sanamugwedeze, sanamuimbile. Anamunyamula m'khwapa, kumuimika pamaso pake, n'kumukalipila ngati akukalipila mnzake wamsinkhu umodzi. Anamutchula dzina, mokweza, siteshoni yonse ikumva, n'kumuuza kuti atonthole, analila kale zokwanila ulendo woyamba.

Mwana anatonthola. Anatong'ola maso, mlomo uja uli panja, kumuyang'ana mayiyo kwa mpweya umodzi kapena iwili. Kenaka anayambanso, mokweza kuposa poyamba. Amai, amene anali atafunda chitenje kumutu n'kutembenukila kumsewu, anati kutontholako kunali kuvomela. Mai wa nthochi anati ayi, mawu ake amadzidzimutsa ngakhale madalaivala.

Ine sindinaseke nawo. Dzinalo ndinali nditalimva bwino. Linali limodzi mwa maina aja opatsa mwana wobadwa pambuyo pa malilo ambili, lonena poyela kuti uyunso dothi likumudikila. Munthu ngati ine, woika chala pamphuno ya mwana, andiuze kuti ndizimuitana choncho m'mawa uliwonse? Ndinamulanda mwanayo, kumukumbatila, n'kunena kuti dzina limenelo ayi, bola azilila.

Mayiyo anandiyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba sanatukwane. Anati amake a ambuye anaika ana angapo motsatizana, onse asanayambe kuyenda. Atabadwa uyu anati tiyeni timutche chakuti, imfa ikamva iziyesa kuti inatenga kale.

"Ndipo inapusitsika. Inamusiya mpaka mano onse anatha, mpaka ife tinatopa kudikila nkhuku zathu. Iwe ukuopa chiyani? Dzina ili linagwila kale ntchito, silinaphonye."

Anatipatsa phava la nthochi zakupsa kwambili, zimene anati sizikanagulidwa ndi munthu wanzelu, natiuza tichoke tisamuingitsile makasitomala ndi nkhope zathu.

Masiku otsatila sindinagone bwino, koma zimenezo si zachilendo kwa ine. Amuna anga anati nkhani ya maina a kuchikazi iwo saloweleleko, koma ngati maina awili akukangana, papepala la ubatizo pali malo okwana onse. Amai sanandikakamize. Amangomuyang'ana mwanayo mwaulemu wina umene sindinauone kale. Ine maganizo anga sanali pa ambuye aakulu aja kwenikweni. Anali pa amai awo, amene palibe buku, palibe wa chimbuya, amene angandiuze dzina lawo. Ndinali kuwaona atakhala pakhomo ndi kakhanda m'manja, akuikanso chala pamphuno, iwo ali ndi zifukwa zenizeni zoopela, osati zanga za pafoni. Analibe sikelo, analibe nesi wa magalasi woti awaseke. Chimene anali nacho ndi pakamwa pokha, ndipo anaganiza zoinamiza imfa. Ndinapeza kuti mai ameneyo ndikumumva kuposa wina aliyense mumtundu wathu. Tsiku lina ndikuchapa matewela ndinayesa kulitchula dzinalo chapansipansi, ndekha. Thambo silinagwe. Ndinalitchulanso.

Pa Pasaka tchalitchi chinadzaza mpaka anthu kuima m'mawindo. Makanda anali ambili, onse ovala zoyela, ena akulila, wanga ali phee poti unali m'mawa. Wansembe, wachinyamata wokonda nthabwala, atafika pa ife anafunsa dzina la mwana. Ndinatchula la Chingelezi lija bwinobwino, lachiwili n'kulimeza. Anapendeka khutu, nafunsa ngati sindinadye. Ndinapuma, n'kulitchula lonse, momveka. Kumbuyo ndinamva nkhalamba ina ikuti mm, ngati yakumana ndi munthu amene inamuiwala. Amai anali atagwila makutu ndi manja awili, akumwetulila.

Kulila kuja sikunathe tsiku limenelo. Kunachepa pang'onopang'ono, mpaka madzulo ena ndinadzidzimuka kuti mthunzi wadutsa khonde ndipo m'nyumba muli zii. Ndinathamanga kukaona ngati akupuma. Nesi akuti ananena kale kuti udzatha wokha. Amai akuti ambuye anayamba aonetsetsa ngati tikunena zoona. Ine ndimavomela onse awili, aliyense payekha.

Chimene sindinachiganizile n'chakuti dzina limene tinalivutikila chonchi silidzamvekanso pakhomo. Titangotuluka m'tchalitchi, amai anagwada pa fumbi ndi chitenje chawo chatsopano, kuomba m'manja pamaso pa khanda, n'kunena kuti mwafika, ambuye, mwayenda bwanji. Kuyambila pamenepo sanamutchulenso china. Amalume atabwela anavula chipewa. Azing'ono anga akamuona amati ambuye adzuka, ambuye akodza, ambuye akufuna bele. Ine ndinalimbikila miyezi ingapo kumuitana ndi dzina lake, koma ndinali kuona amai akunyinyilika ngati ndawaponda chala, ndipo lilime langa linayamba kulemela lokha. N'chifukwa chake simunalione pano.

Tsopano mwanayo akuyenda, ndipo akudziwa bwino udindo wake. Dzulo amai anali kuno. Ndinawapeza pakhonde atagwada, akumupatsa mbatata yootcha ndi manja awili. Iye anailandila ndi dzanja limodzi, kuiyang'ana mbali zonse mlomo uli panja, n'kuwabwezela kuti ayambe aisenda.